Kuweta nyerere za Camponotus m'nyumba kuno ku Harare, kuyambira pa manthu mmodzi

Banja la nyerere za Camponotus limayamba ndi nyerere imodzi yokha, manthu, yaikazi yoikira mazira, ndipo pafupifupi chaka chonse choyamba limakwana m'chubu chagalasi cha masentimita 15. Zida zake n'zosaboola m'thumba: chubu, thonje, madzi, shuga ndi bokosi la pulasitiki. Chovuta n'kuugwira mtima. Mabanja ambiri amafa akadali aang'ono chifukwa woweta amawasuzumira tsiku ndi tsiku, amawaunjikira chakudya mpaka chiwole, kapena amawasamutsira m'chisa chachikulu nthawi isanakwane.

Yambani mwaidziwa nyerereyo

Mitundu ya Camponotus ilipo yoposa 1,000 padziko lonse. Ku Ulaya ndi ku America yambiri imaboola mitengo yofumbwa n'kumangamo chisa, koma siidya mtengowo monga chimachitira chiswe, imangotaya utuchi panja. Kuno kwathu yambiri imakhala m'nthaka, pansi pa miyala ndi njerwa, kapena m'zitsa zowola. Imene mungakumane nayo msanga ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku ndi Camponotus maculatus, yamiyendo italiitali, yachikasu mofiirira, yamawangamawanga pamimba. Ndi ija imatuluka usiku n'kupezeka m'kapu yomwe munamwera tiyi. Ina ndi Camponotus cinctellus, yakuda, yamimba yonyezimira mwagolide, yomwe imayenda masana.

Zizindikiro za mtunduwu ndi izi. Pachiuno, pakati pa chifuwa ndi mimba, pali kamfundo kamodzi kokha. Msana mukauyang'ana cham'mbali ngokhota bwinobwino, wopanda minga. Tinyanga n'topindika pakati. Ilibe mbola: imaluma ndi zibwano n'kuthira asidi wonunkha mowawasa. M'banja limodzi muli antchito aang'ono ndi ena amitu ikuluikulu. Kutchula dzina lenileni la mtundu uliwonse n'kovuta ngakhale kwa akatswiri. George Arnold, yemwe ankayang'anira nyumba yosungira zachilengedwe ya ku Bulawayo, anayamba kusindikiza kaundula wa nyerere za kum'mwera kwa Africa mu 1915 ndipo ntchitoyo inamutengera zaka zambiri. Kwa woweta, kudziwa kuti ndi Camponotus n'kokwanira.

Kugwira manthu

Nthawi yake ndi ya mvula yoyamba, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, maluwa a jakaranda atayoyoka. Mvula yamphamvu ikagwa, madzulo ake kapena a tsiku lotsatira kukakhala kofunda ndi kopanda mphepo, zazikazi ndi zazimuna zamapiko zimatuluka m'zisa n'kukakwerana. Yaikazi ikatera imathothola mapiko ake yokha n'kuyamba kufunafuna pobisala. Imeneyo ndiye manthu amene mukufuna. Yang'anani pansi pa babu la pakhonde, pakhomo pa sitolo zowala usiku, ndipo m'mamawa yendani m'mbali mwa durawall, mpanda wa simenti uja, mukutembenuza njerwa ndi miyala.

Usiku womwewo kumauluka zambiri, tsono musatole chilichonse. Ngumbi ili ndi mapiko anayi ofanana, aatali kuposa thupi, ilibe chiuno, tinyanga take n'towongoka, ndipo ikathothola mapiko imayenda iwiriiwiri motsatana. Mafulufute ndi nyerere ndithu, koma antchito ake ndi a mamilimita awiri okha, othawira paliponse, ndipo n'ngovuta kuweta. Chinyerere chachitali chofiirira chimene chimadzigunditsa pababu n'kumagubuduka pansi ndi chachimuna cha linthumbu. Manthu wa linthumbu sauluka n'komwe. Yaimuna ya Camponotus ndi yowonda, yakamutu kakang'ono ndi maso aakulu, ndipo imafa ikangokwera.

Manthu wa Camponotus maculatus amafika cha m'ma sentimita imodzi ndi theka. Chifuwa chake n'chotukuka, chachikulu kuposa cha wantchito aliyense, ndipo m'mbali mwake mumaoneka timabala pamene panali mapiko. Wantchito wamutu waukulu amanamiza anthu ambiri, koma chifuwa chake n'chopyapyala, chopanda timabalato. Mukapeza waikazi akadali ndi mapiko, mutengeni ndithu, chifukwa ena amachedwa kuthothola ngakhale atakweredwa. Ngati sanakweredwe, mazira ake adzaswa zazimuna zokhazokha kapena sadzaswa konse, ndipo mudzadziwa pakatha miyezi iwiri.

Musamugwire ndi zala, mimba yake siichedwa kuphwanyika. Ikani kabotolo kouma patsogolo pake, mumukankhe pang'ono ndi tsamba, alowe yekha. Kabotolo kamodzi, manthu mmodzi. Awiri pamodzi amaphana. Ndi bwino kugwira awiri kapena atatu m'timabotolo tosiyana, popeza si onse amene amakhazikitsa banja. Kukumba chisa cha kutchire n'kungowononga: manthu amakhala pansi kwambiri, ndipo antchito opanda manthu amangofa mmodzimmodzi. Malo otetezedwa monga Mukuvisi Woodlands ndi National Botanic Garden ndi okaonerako nyerere, osati otolako.

Kukonza chubu

Apa ndiye pagona nkhani, choncho chitani mosathamanga.

Pezani machubu agalasi a ku labotale, aja amati test tube, m'sitolo zogulitsa zipangizo za sukulu ndi za chipatala. Cha mamilimita 16 m'kamwa ndi 150 m'litali chimakwana. Kwa manthu wamkulu kwambiri tengani cha mamilimita 18 kapena 20 kuti azitha kutembenuka. Gulani angapo. Thonje likhale la ku famase, lopanda mafuta onunkhira. Madzi akhale a m'botolo kapena a pa borehole owiritsa n'kuziziritsa.

Tsukani chubu ndi madzi otentha, sambani m'manja. Thirani madzi mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kufika theka. Umbani thonje lolimba, lalikulu moti lilowe mothina, mulilowetse ndi ndodo yoyera. Likayandikira madzi likankheni kamodzi n'kamodzi mwachangu, kuti kumbuyo kwake kusatsale mpweya. Kankhani mpaka nkhope ya thonje, mbali ya kukamwa kwa chubu, inyowe pang'ono koma osadontha. Thonje likakhala lolobodoka, madzi amadutsa usiku n'kumiza mazira. Likakhala lalitali ndi lothina mopitirira, nkhope yake imauma ndipo manthu amasowa pomwa. Gonekani chubucho pathebulo kwa ola limodzi musanaike manthu, muone ngati chikuchucha. Pukutani madontho otsala m'kati.

Chipinda cha manthu chikhale cha masentimita 4 mpaka 6. Mulowetseni, tsekani kukamwa ndi thonje louma. Mpweya umadutsa m'thonje, musaboole kalikonse. Kulungani chubu ndi pepala lakuda kapena foyilo, chigonekeni chopingasa m'kabokosi, muchitsekere ndi nsalu m'mbali kuti chisagubuduke. Ikani m'kabati yomwe siitsegulidwa kawirikawiri. Pamwamba pa firiji, pafupi ndi sipika ya wailesi kapena khoma la jenereta sipabwino, chifukwa kunjenjemera kumamusowetsa mtendere.

Chakudya musamupatse. Manthu wa Camponotus amadzitsekera m'chipinda n'kumakhalira mafuta a m'thupi mwake ndi minofu ija ankaulukira, yomwe imasungunuka n'kukhala chakudya cha iye ndi mphutsi zake zoyamba. Chiwala chimene mungamuikire chimangochita chuku.

Masabata odikira

Suzumirani kamodzi pa sabata, kapena kamodzi pa masabata awiri, kwa mphindi yosakwana imodzi, m'chipinda chowala pang'ono. Mukuyang'ana zinthu zitatu: kodi madzi alipo, kodi thonje lada, kodi ana afika pati.

Mazira amabwera pakangopita masiku ochepa, mwina sabata ziwiri. Amakhala kamulu kakang'ono koyera kapena kachikasu, 10 kapena kuposerapo pang'ono. Pa madigiri 25 mpaka 28, dzira limatenga masabata awiri kapena atatu kuti liswe mphutsi, mphutsi imadya masabata enanso awiri kapena atatu n'kudzikulunga m'chikwa, ndipo m'chikwamo imakhala masabata awiri mpaka anayi. Zonse pamodzi ndi masabata 6 mpaka 10, ndipo kukazizira zimaposa pamenepo. Chikwa chimakhala chofiirira mopepuka, ndipo kunsonga kwake kumaoneka kadontho kakuda. Si matenda, ndi chimbudzi chimene mphutsi imatulutsa kamodzi kokha isanasinthe thupi. Nyerere yatsopano siituluka yokha m'chikwa, manthu ndiye amang'amba.

Mukapeza mazira amene munawaona sabata yatha palibe, wawadya. Kawirikawiri chifukwa chake ndi kusokonezedwa: kuwala, kugwedeza, kutentha kwambiri. Musamusinthire malo, ingotalikitsani masiku osuzumira. Ambiri amaikiranso.

Manthu wogwidwa mu Novembala amakhala ndi antchito oyamba cha mu Januwale kapena Febuluwale. Amakhala ochepa, kawirikawiri osafika 10, ang'onoang'ono ndi otuwa, chifukwa analeredwa ndi chakudya chopereŵera. Dikirani masiku atatu kapena anayi khungu lawo lilimbe ndi kuda, kenaka yambani kudyetsa.

Kadyetsedwe

Nyerere yokhwima siimeza cholimba. Imakhalira zamadzimadzi zotsekemera, zimene kutchire imazipeza m'maluwa ndi kwa nsabwe za zomera. Imasunga madziwo m'kathumba ka m'mimba n'kukagawira anzake kukamwa ndi kukamwa; mukaona ziwiri zitalumikiza pakamwa, sizikumenyana. Nyama ya tizilombo ndi chakudya cha mphutsi ndi manthu. Shuga akasowa antchito amafooka n'kufa. Nyama ikasowa mphutsi sizikula ndipo manthu amachepetsa kuikira.

Madzi a shuga: sipuni imodzi ya shuga, masipuni atatu a madzi owiritsa. Uchi nawo ndi wabwino ukasungunulidwa ndi madzi, koma wosasungunula umamata tiantchito toyamba n'kutipha. Ikani kadontho kochepa ngati mutu wa machesi pakachidutswa ka foyilo, mukalowetse kukamwa kwa chubu. Dontho lalikulu limamiza nyerere. Mukafuna kupereka ochuluka, nyowetsani kathonje. Chotsani pakatha tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa nyengo yotentha madzi a shuga sachedwa kusasa. Otsala sungani mufiriji, musapitirire nawo sabata.

Nyama: mwendo wa chiwala, ntchentche, kachidutswa ka nkhululu kapena ka mphemvu, ngumbi. Banja la antchito osakwana 10 limakhuta ndi mwendo umodzi wa chiwala kawiri pa sabata. Dulani kachilomboko kuti zam'kati zioneke, popeza tiantchito toyamba sitingathe kuboola chikamba. Chilichonse chogwidwa panja chigone kaye masiku awiri m'chipinda cha ayezi cha firiji, kapena chiviikeni m'madzi owira kwa masekondi ochepa, kuti nthata zife. Kuzizira sikuchotsa mankhwala: mphemvu ya m'nyumba yopoperedwa ndi chiwala cha m'munda wothiridwa mankhwala a mbozi zimatha kupulula banja lonse, chifukwa chakudya chimagawidwa kwa aliyense mpaka manthu. Nyengo ya ngumbi tolani zambiri, muzisunge zosaphika mufiriji, zidzakuthandizani mu Juni ziwala zikasowa. Zokazinga za pamsika ndi matemba zili ndi mchere, musapereke. Zikasoweratu, kachidutswa ka dzira lowiritsa kapena ka nkhuku yophika yopanda mchere ndi mafuta kamagwira ntchito kwa kanthawi. Mbewu ndi nyenyeswa za buledi nyererezi sizidya.

Zotsala zonse zichoke tsiku lotsatira.

Bwalo lodyera

Antchito akafika 10 kapena 15, kutsegula chubu kumayamba kuvuta, amathamangira kunja. Apa akonzereni bwalo. Tengani bokosi la pulasitiki loonekera m'kati, la masentimita pafupifupi 20 m'litali, 15 m'lifupi ndi 10 msinkhu, lamakoma osalala. Pansi thirani mchenga wouma wosapitirira theka la sentimita, wotsuka ndi kuwotcha pachiwaya. Ukakhala wakuya kapena wonyowa, nyerere zimasamukiramo ndipo simudzazionanso. Gonekani chubu m'bokosimo chili chokulungidwa, ndipo m'thonje la kukamwa lowetsani kachidutswa ka kapaipi komwera zakumwa kuti kakhale khomo. Khomo laling'ono limawapatsa mtima wokhazikika ndipo limasunga chinyezi. Ikaninso chubu china chamadzi okhaokha chotseka ndi thonje, chomwera.

Camponotus amakwera galasi ndi pulasitiki mosavuta, ndiye pamafunika chotchinga. Sakanizani paudala wa ana ndi sipiriti ya ku famase mpaka zikhale phalaphala, pakani ndi thonje mzere wa masentimita atatu kuzungulira m'kati mwa bokosi chakumwamba, musiye ziume ndi fungo lithe musanaike nyerere. Werengani pabotolo: paudala wa talc ndiye woterera, wa ufa wa chimanga sagwira bwino. Mzerewu umatha mphamvu ukakhudzidwa ndi chala kapena ukanyowa, choncho muziupakanso mwezi uliwonse, ndipo nthawi ya mvula kawirikawiri. Vaseline yekha sitimudalira pa nyerere zazikuluzi, zimadutsapo.

Chivindikiro chikhalepo ndithu. Dulani windo pakati pake, mumatepo sefa yawaya yamaso ang'onoang'ono. Neti ya udzudzu amitu ikuluikulu amaidula. Bokosi lotsekeratu n'loopsa: nyerere zikadzidzimuka zimathira asidi, ndipo m'malo opanda mpweya asidiyo amazipha zokha.

Mdani wamkulu m'nyumba za kuno ndi tinyerere tofiirira ta m'khitchini, makamaka Pheidole megacephala. Timanunkhiza shuga, timalowa pa kampata kalikonse, ndipo titha kupha manthu ndi kututa ana onse usiku umodzi. Sanjikani bokosi pa njerwa kapena pa makapu oimikidwa m'thireyi yamadzi othira kadontho ka sopo wotsukira mbale, ndipo lisakhudze khoma, katani kapena waya.

Chubu chikauma kapena kuda

Madzi a m'chubu amatha pakapita miyezi iwiri mpaka inayi. Thonje lachikasu kapena la timadontho takuda tochepa si vuto. Chuku chaubweya chimene chikufalikira, madzi osintha mtundu, kapena madzi kutheratu, ndiye nthawi yosamuka. Konzani chubu chatsopano, chikulungeni, muchigoneke pambali pa chakale m'bwalo. Ngati bwalo palibe, lumikizani machubu awiriwo kukamwa ndi kukamwa ndi selotepi, mubooleko timabowo ta singano. Vundukulani chakale kuti chiwale, koma osati padzuwa. Zimasamuka zokha, nthawi zina usiku womwewo, nthawi zina pakatha sabata ziwiri. Kuzikhuthula mokakamiza n'kwa pangozi pokha, monga madzi akasefukira.

Chisa chenicheni

Musafulumire. Banja la antchito 20 m'chisa cha zipinda khumi lili ngati anthu asanu ogona m'holo ya tchalitchi: limaunjikana pakona, zipinda zotsala limazisandutsa dzala, ndipo dzalalo limabala chuku ndi nthata. Dikirani antchito afike 40 kapena 50. Ngakhale pamenepo, machubu awiri kapena atatu m'bwalo limodzi amakwanira. Pomanga chisa, nyerere ndi ana awo zidzaze theka la malo tsiku losamuka.

Chosavuta kupanga panyumba ndi cha plaster of Paris, wopezeka m'mahadiweya. Dulitsani galasi la masentimita 15 kwa 10. Pagalasipo umbani zipinda zitatu kapena zinayi ndi pulasitisini wa ana, zakuya mamilimita 8 mpaka 10, zolumikizana ndi tinjira, ndipo kanjira kamodzi kafike m'mphepete kuti kakhale khomo. Kumbali imodzi umbani kadzenje kapadera kosalumikizana ndi zipinda. Kameneko n'kothiramo madzi, ndipo kakhale kunja kwa galasi kapena galasi likhale ndi mpata pamenepo. Gonekani galasi m'chikombole, pulasitisini ali m'mwamba. Sakanizani makapu awiri a pulasitala ndi kapu imodzi ya madzi, kuthira ufa m'madzi osati madzi mu ufa, tsanulirani mpaka masentimita atatu kapena anayi, gogodani m'mbali kuti thovu lituluke. Pakatha ola limodzi walimba. Tembenuzani, chotsani galasi ndi pulasitisini, tsukani, muumitse masiku atatu kapena anayi pamthunzi. Bwezerani galasi, mulipanikize kuti pasakhale mpata, phimbani ndi katoni. Lumikizani chisa ndi bwalo pogwiritsa ntchito paipi yoonekera ya mamilimita 10 m'kati, kuti manthu adutse.

Dziwani kuti amitu ikuluikulu amakumba pulasitala, makamaka wonyowa. Chisacho chikhale m'bokosi la pulasitiki lochikwana bwino, kuti akaboola akumane ndi khoma lolimba, ndipo muziyang'ana ngati m'bwalo mwayamba kuoneka fumbi loyera.

Thirani madzi ndi sirinji, mamililita 5 mpaka 10 kawiri pa sabata, mbali imodzi yokhayo. Camponotus safuna chisa chonyowa chonse. Mudzaona okha akusanja: mazira ndi mphutsi kumbali yachinyezi, zikwa kumbali youma ndi yofunda. Onse akaunjikana pafupi ndi kadzenje ka madzi, chisa chauma. Akatulutsira ana m'paipi kapena m'bwalo, chanyowa mopitirira.

Chisa chathabwa chimayenera mitundu imene munaipeza m'mtengo. Zidutswa mungazipeze kwa akalipentala a ku Glen View, koma funsani bwino: thabwa lothiridwa mankhwala a chiswe, lija lobiriwira, mapolo akuda a creosote, ndi mabolodi a utuchi womata ndi guluu, zonsezi ndi poizoni. Paini wautomoni nayenso musiyeni. Timabokosi ta jeli wabuluu togulitsidwa ngati zidole sitisunga banja, jeliyo amachita chuku ndipo ana sakuliramo. Botolo lodzaza dothi limagumukira nyerere likagwedezeka ndipo simuona chimene chikuchitika.

Chisanu ndi kutentha kwa Harare

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kunja kumatsika kufika madigiri 7 kapena kucheperapo. Malangizo ambiri a pa intaneti amanena zoika nyerere mufiriji miyezi ingapo kuti zigone. Amenewo ndi a mitundu ya ku Ulaya ndi kumpoto kwa America. Za kuno musaziike mufiriji. Kukazizira pansi pa madigiri 20 zimangochepetsa zochita: manthu amaleka kapena kuchepetsa kuikira, mphutsi zimaima kukula, nyama siidyedwa. Zimenezi n'zachibadwa. Pitirizani madzi ndi shuga, nyama muchepetse kufika kamodzi pa sabata, ndipo zidzadzuka kukayamba kufunda kumapeto kwa Ogasiti.

Chimene banja laling'ono silipirira ndi kuzizira kwadzaoneni kwa m'bandakucha. Liikeni m'chipinda cha m'kati, kutali ndi windo ndi simenti ya pansi, m'bokosi losungira zozizira lija la pulasitiki kapena la thovu loyera, losatsekeratu. Usiku wozizira kwambiri ikanimo botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo, lisakhudze chubu. Amene ali ndi waya kapena kamphasa kotenthetsera ka magetsi, atenthetse kona imodzi yokha ya chisa, mbali youma, kuti nyerere zizisankha zokha pokhala. Mukatenthetsa mbali ya madzi, nthunzi imadzaza galasi, ndipo m'chubu mpweya wofutukuka umakankha madzi kudutsa thonje. Popeza magetsi amazimazima, bokosi losunga kutentha ndi lodalirika kuposa waya. Gulani kachipangizo koyezera kutentha, kazikhala m'bokosimo. Kuyeza ndi dzanja kumanamiza. Mbaula ndi sitovu ya palafini zisayandikire, utsi wake ndi woipa kwa nyerere.

Kutentha kumapha msanga kuposa chisanu. Mu Okutobala chipinda cha denga la malata kapena la asibesitosi chimatha kupitirira madigiri 32 masana. Tsitsirani bokosi pansi, pakona yozizira. Dzuwa likawomba pagalasi la chubu, mphindi zochepa zokha zakwana kupha zonse. Samalani ndi mawindo oyang'ana kumpoto, amene amalowetsa dzuwa mpaka m'kati mwa chipinda nthawi ya chisanu, pamalo pomwe mu Disembala panali mthunzi.

Zina zimene zimalakwika

Antchito ambiri akafa tsiku limodzi, akuphiriphitha miyendo, ganizirani mankhwala. Wina wapopera Doom, wayatsa koyilo ya udzudzu, kapena chakudya chinali ndi poizoni. Tulutsani bokosi kumalo a mpweya wabwino, chotsani chakudya chonse, perekani madzi a shuga atsopano. Ngati mumachita lendi kapena mumakhala ndi anthu ambiri, auzeni a m'nyumba ndi eni nyumba kuti azikuchenjezani asanapopere, ndipo bokosi likhale kunja kwa chipindacho masiku angapo. Mafuta odzola othamangitsa udzudzu ndi mankhwala a utitiri wa galu otsalira m'manja nawonso amapha.

Wantchito mmodzi kapena awiri kufa pa mwezi si nkhani, makamaka oyamba aja, omwe sakhalitsa. Anzawo amawataya pakona imodzi ya bwalo pamodzi ndi makoko a zikwa. Tolani mulu umenewo sabata iliyonse ndi chopanira kapena kaburashi.

Nthata zoyera zoyendayenda padzala zimadya zotsala. Chepetsani chakudya, umitsani bwalo, sinthani mchenga. Zoopsa ndi zomata pamutu ndi m'miyendo ya nyerere ngati timadontho. Zikachuluka, samutsirani banja m'chubu chatsopano ndi bwalo loyera, ndipo chisa chakale muchitaye.

Antchito akamazula thonje kapena kuzungulira mzere wa paudala usiku wonse, akusowa china: madzi, chakudya kapena malo. Fufuzani motsatana chomwecho.

Musawonjezere antchito a kutchire kapena a banja lina kuti lanu likule msanga. Banja lililonse lili ndi fungo lake pakhungu, ndipo mlendo amaphedwa, apo ayi iye ndiye amapha manthu.

Kukula kwake n'kwapang'onopang'ono: makumi ochepa chaka choyamba, mazana m'chaka chachiwiri kapena chachitatu. Amitu ikuluikulu amayamba kuoneka banja likafika makumi angapo ndipo nyama ikupezeka mokwanira. Manthu amatha kukhala zaka zoposa 10, choncho ganizirani za malo a mtsogolo. Akafa, palibe womulowa m'malo. Antchito otsala asamalireni mpaka atatha okha.

Pa ulendo wa Khirisimasi, kaya wa kumudzi ku Malawi, banja lisiyeni kuno. Kuwoloka malire ndi tizilombo tamoyo kumafuna chilolezo, ndipo kugwedezeka kwa basi kumapha ana. Pa chifukwa chofananacho musaitanitse manthu wa kunja: nyerere yachilendo ikathawa imatha kusanduka chilombo m'dera lonse. Musananyamuke perekani nyama masiku awiri motsogoza n'kuchotsa zotsala, pakaninso paudala, dzazani thireyi ya pansi, ikani machubu awiri amadzi ndi chimodzi cha madzi a shuga chotseka ndi thonje lothina. Zikatero banja limakhala masabata awiri popanda woliyang'anira. Ulendo ukaposa pamenepo, pezani munthu woti azisintha chubu cha shuga sabata iliyonse ndi kuthira madzi m'kadzenje ka chisa, ndipo mumulembere papepala kuchuluka kwa mamililita.